Madzi anaphwa kalekale, nanga anthu aja ali kuti?



Abale ndi alongo athu, tsiku la 13 Malichi linagwanso mkati mwa Ramadan mu 2026, monga zinakhalira mu 2024 ndi mu 2025. Ambiri linatidutsa tili kalikiliki ndi za futali ndi taraweeh. Koma ku Chilobwe ndi ku Manja mumzinda wa Blantyre, ku Ntauchira m'boma la Chiradzulu ndiponso ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kuli mabanja omwe masiku amenewa sangawaiwale. Ndi m'masiku amenewa, mu 2023, pomwe mapiri anagumuka, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake.

Namondwe wa Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, n'kugunda Madagascar ndi Mozambique, n'kubwerera kunyanja, kenako n'kudzalowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo chakummwera chili pangozi, ndipo dziko linalira maliro masiku 14. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, inawerenga anthu oposa 670 omwe anamwalira ndi ena oposa 500 omwe matupi awo sanapezeke. Anthu oposa 650,000 anasowa pokhala.

Patangopita masiku ngati khumi, mwezi unaoneka ndipo tinayamba kusala. Amalawi anapereka ndi mtima wonse m'masabata amenewo. M'mizikiti, m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'misika anthu anasonkha ufa, nyemba, mabulangete, zidebe ndi zovala, ndipo malole anayenda kuchokera m'zigawo zonse, kuphatikizapo kuno kumpoto. Asilikali anakumba matope kufunafuna abale a anthu, mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege. Zimenezi n'zoyamikika ndipo Allah alipire aliyense amene anatambasula dzanja.

Chomwe tikufuna kutsutsa poyera ndi chizolowezi chomwe chimabwera pambuyo pake. Dziko lino limathandiza munthu malinga ali pa chithunzi, atanyowa, mwana ali kumsana. Akangouma, timamuwerengera m'gulu la opulumuka, nkhani n'kutha. Komatu chifundo chathu chimakhala masabata atatu kapena anayi, pomwe mzinda umatenga zaka kuti uimenso, ndipo m'zaka zimenezo ndi momwe zimadziwika kuti ndani adzabwerere pa moyo wake wakale, ndani adzatsalire pansi mpaka kalekale. Nthawi yomwe thandizo limafunika kwambiri ndi yomweyo imene ambiri timakhala titabwerera ku zathu.

Taonani zomwe zinatsatira ku Blantyre. Misasa yambiri inali m'masukulu, monga ya Naotcha ku Chilobwe, ndipo ana sakanakhala kunyumba mpaka kalekale. Misasa inayenera kutsekedwa kuti makalasi atsegulidwe. Apa ndi pomwe funso lenileni linatulukira: atuluke apite kuti? Akuluakulu ananena kuti asabwerere m'phiri, ndipo ananena zoona. Koma munthu sagona m'chenjezo. Amafuna malo oti aikepo mphasa usiku womwewo, pafupi ndi komwe amapeza ganyu. Ena anapita kumudzi, ena anadzazana m'nyumba za abale, ndipo atolankhani sanachedwe kupeza ena atabwerera m'mbali mwa phiri lomwelo la Soche, akuumba zidina pafupi ndi pomwe panafera anzawo.

Tiyerekeze mayi wina wa lendi amene ankakazinga mandasi n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Nyumba yomwe inagwa sinali yake, choncho pa mndandanda wa eni nyumba zogwa dzina lake palibe. Zomwe zinali zake zinapita ndi madzi: chiwaya, beseni, mbaula, thumba la fulawa, chitupa cha unzika, makope a ana, ndi kandalama komwe anatenga ku banki m'khonde. Ngongoleyo ndiye sinapite ndi madzi, inamudikira. Nyumba za lendi zomwe zinatsala zinachepa, ozifuna n'kuchuluka, ndipo aliyense akudziwa zomwe zimachitika ndi mtengo zinthu zikatero. Mwana wake wamkulu amene anali Fomu 3 anayamba wakhala kaye teremu imodzi, teremu ija n'kusanduka chaka. Mayi ameneyu analandira ufa, bulangete ndi chidebe. Pa zonse zomwe zinamugwetsa, ndi chiti chomwe chidebe chinakonza?

Ndipo mavuto sanampatse mpata wopuma. Kafukufuku amene boma linachita ndi mabungwe othandiza anapeza kuti Freddy anawononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America, ndi kuti kukonzanso kumafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti, malata ndi misomali n'kukwera, pomwe anthu anali atangoyamba kutolera zomangira. Mu Malichi 2024 boma linalengezanso ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Banja lomwe linali litasunga ndalama ya malata asanu linakagula chimanga. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo amene anaona zimenezi ndi anthu omwe tinkati apulumuka.

Wina anganene kuti Blantyre ili kutali, anamondwe ndi a kummwera, ife kuno ku Nkhorongo tili pamtunda. Tikumbutsane za Epulo 2016. Mvula inagwa masiku otsatizana mu Mzuzu muno, nyumba n'kugwa m'madera 15 a mzinda, anthu asanu ndi awiri n'kumwalira, pafupifupi 19,000 n'kukhudzidwa, ndipo misasa inatsegulidwa ngati momwe zinadzachitikira ku Blantyre. Nthawi imeneyo kunalankhulidwa zambiri za kusamutsa anthu m'malo otsetsereka ndi m'madambo.  Aliyense wa ife angathe kuyenda yekha kupita ku Masasa n'kukaona nyumba zomwe zakhala m'mphepete mwa zigwembe, kapena ku Salisbury Line, Chibavi ndi Chiputula n'kukaona komwe madzi amafika mvula ikalimbikira. Mukabwerako mutiuze ngati nkhani ya 2016 inatha.

Mzuzu ukukula mothamanga. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 87,000, wa 2018 anapeza oposa 221,000. Mzindawu unakhala pa zitunda ndi zigwa, mvula yake imagwa mpaka Epulo ngakhale Meyi nthaka itakhuta kale, ndipo anthu oposa theka amakhala m'malo omwe sanakonzedwe mwa dongosolo la mzinda. Sitifunika namondwe wokhala ndi dzina kuti khoma la zidina ligwere ana. Ngakhalenso anamondwe a kummwera amatifika m'njira zina: Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tonse tinagawana mdima kwa nthawi yoposa chaka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali zonena zitatu zomwe anthu amadzitonthoza nazo kuti asaganizenso za opulumuka, ndipo zonse zitatu timazimva ngakhale pa khonde la mzikiti.

Choyamba ndi chakuti anamanga okha m'phiri, anachenjezedwa, ndiye asadandaule. N'zoona kuti Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndipo kumeneko sikunayenera kumangidwa nyumba. Koma tifunse bwino. Mlonda, wakabaza kapena mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu angapeze kuti puloti yovomerezeka, pa mtengo umene iye angaufike, pa mtunda woti n'kuyenda wapansi kupita ku ntchito? Mizinda yathu imafuna manja a anthu amenewa m'mawa uliwonse, koma sinawakonzere pogona. Malo abwino amapita kwa amene ali ndi ndalama ndi odziwana nawo, ena amakhala zaka atazunguliridwa ndi mpanda, mkati muli chimanga chokha. Wosauka amatsala ndi phiri ndi dambo. Ndipo malo a m'phiriwo sanangowatola. Alipo amene anawagulitsa, alipo amene anasaina ngati mboni, alipo amene anaona maziko akukumbidwa n'kuyang'ana kumbali, alipo amene anabwera kudzapempha mavoti komweko. Pa anthu onsewa, amene timamudzudzula ndi mmodzi yekha, uja amene anakwiriridwa.

Chachiwiri ndi chakuti chinali chilango cha Mulungu pa machimo a anthu a kumeneko. Abale, tiope Allah pa mawu amenewa. Ndani wa ife anauzidwa zobisika, mpaka kudziwa kuti khanda la ku Chilobwe linali lochimwa kuposa wakuba amene nyumba yake ya simenti sinang'aluke n'komwe? Mbiri ya Chisilamu yomwe ikutitsutsa. M'nthawi ya Khalifa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, madzi osefukira otchedwa Umm Nahshal analowa mu Msikiti Wopatulika ku Makkah mpaka kukokolola mwala wa Maqam Ibrahim pamalo pake. Umar anabwezeretsa mwalawo, n'kumangitsa khoma la miyala kumtunda kwa mzinda kuti lizipatutsa madzi. Mu 1630 madzi anagwetsa makoma ena a Ka'ba yeniyeniyo, ndipo inamangidwanso mu ulamuliro wa Sultan Murad IV. Makkah ili m'chigwa, ndipo madzi amatsata chigwa. Amene anali ndi imaan yoposa yathu anaona madzi n'kutenga miyala, n'kumanga. Kukhulupirira qadar sikunawaletse kugwira ntchito imeneyo.

Ena m'malo mwa chilango amati ndi Napolo, wasamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja. Dzinali ndi lakale ndipo lili ndi phunziro lake, chifukwa limasunga chikumbutso cha Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu Malichi 1991, pomwe phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana. Makolo ankadziwa kuti madzi saiwala khwawa. Chomwe chimachitika m'phiri si chinsinsi: nthaka ya pamalo otsetsereka ikamwa madzi masiku angapo imalemera n'kuterera pamwamba pa thanthwe, ndipo pomwe mitengo inadulidwa, pomwe anthu anasema phiri kuti apeze pomanga, imachoka msanga. Nyanja zikamatentha, anamondwe amanyamula madzi ochuluka. Tawerengani nokha: madzi osefukira a Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Chinthu chobwerabwera chotere sitingapitirize kuchitcha chodzidzimutsa. Thumba lililonse la makala lochokera m'nkhalango zozungulira Mzuzu, monga Kaning'ina, lili ndi gawo lake pa nkhani imeneyi.

Chachitatu ndi chakuti imeneyo ndi ntchito ya boma. Apa pali choonadi chachikulu, ndipo sitikufuna kulipeputsira boma katundu. Palibe mzikiti kapena bungwe lomwe lingagawe malo a mzinda, kulambula misewu, kukumba ngalande zikuluzikulu kapena kuletsa anthu kumanga pangozi. Pambuyo pa Phalombe dziko linapanga lamulo la 1991 loona za ngozi. Pambuyo pa Freddy Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la 2023, lomwe likutsindika za kupewa ngozi zisanagwe. Tikuoneka kuti timalemba malamulo tikachoka kumanda. Koma lamulo limagwira ntchito pomwe pali anthu olifunsa. Amene amati ndi ntchito ya boma, n'kukhala osafunsapo khansala wake ngakhale kamodzi za mapuloti a anthu osauka, akungofuna chifukwa chokhalira chete. Boma limaiwala zomwe ovota aiwala.

Kuti tione kuti ndalama zokha sizidzutsa mzinda, tiyang'ane dziko lomwe ndalama silisowa. Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina anagunda gombe la kummwera kwa America, makoma otchinga madzi a mzinda wa New Orleans n'kugumuka, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mzindawo inamira. Anthu oposa 1,300 anafa. Boma linawononga madola oposa 14 biliyoni kumanga makoma atsopano ndi mapampu. Komabe mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 484,000 mu 2000 unali ndi 384,000 okha mu 2020. Ndondomeko yothandiza eni nyumba yotchedwa Road Home inkawerengera thandizo potengera mtengo umene nyumba inali nawo namondwe asanabwere. Nyumba za m'madera a anthu akuda, monga Lower Ninth Ward, zinali zotsika mtengo pamsika ngakhale simenti ndi matabwa zinali mtengo umodzi kulikonse, choncho eni ake analandira zosakwana kumangira. Mu Disembala 2007 khonsolo ya mzindawo inavomereza kugwetsa nyumba pafupifupi 4,500 za boma zomwe munkakhala anthu osauka a lendi. Mzinda unadzuka ndithu, alendo anayambanso kubwera, koma ambiri mwa osauka ake sanabwererenso.

Pafupi nafe pano, mzinda wa Beira ku Mozambique unaphwasulidwa ndi Idai mu Malichi 2019. Pa msonkhano wa mayiko ndi mabungwe othandiza umene unachitikira mumzinda womwewo patapita miyezi iwiri ndi theka, dzikolo linati likufuna madola 3.2 biliyoni, ndipo malonjezo anakwana 1.2 biliyoni. New Orleans, Beira ndi Blantyre ndi mizinda yosiyana kwambiri, koma ikufanana pa chinthu chimodzi. Ndalama zokonzera zimakhala zochepa kapena zochedwa, ndipo zikafika zimayamba kupeza munthu amene ali ndi mapepala: chikalata cha malo, akaunti ya kubanki, m'bale wa mu ofesi. Wa lendi, wamasiye ndi wogulitsa tomato amakhala kumapeto kwa mzere, ndipo kawirikawiri mzerewo umatha asanafike.

Tsopano tibwere pa kaperekedwe kathu m'mwezi uno. Ramadan ndi nyengo imene chuma chambiri cha Asilamu chimatuluka, ndipo njira imene yazolowereka ndi ya phukusi: mpunga, shuga, mafuta ophikira, mchere, pamwamba pake chithunzi cha wolandira atagwira thumba. Wosala ayenera kumasula, ndipo wanjala ayenera kudya lero. Zimenezo sitikukana. Koma ngati banja lomwelo likulandira phukusi Ramadan yachitatu motsatizana, likugonabe m'nyumba yofolera pepala lapulasitiki, ndiye kuti tikulisunga lamoyo pamalo pomwe linagwera. Phukusi n'losavuta kwa wopereka. Limagulidwa tsiku limodzi, limagawidwa tsiku limodzi, limaoneka bwino pa Facebook. Kulipirira mwana fizi zaka zinayi, kapena kutsatira nkhani ya puloti ku ofesi mpaka itheke, kulibe chithunzi chokoma. Ndipo za zithunzizo tinene mosabisa: mayi amene dzulo anali ndi nyumba yake ndi geni yake sayenera kulipira thumba la mpunga ndi nkhope yake.

Chodabwitsa n'chakuti fiqh yomwe ambiri mwa ife timatsatira inayankha kale nkhani imeneyi. Zakaat ndi 2.5 peresenti ya chuma chomwe chafika nisaab ndipo chakwanitsa chaka, ndipo magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira anatchulidwa mu Surat Tawba. Mwa iwo muli osauka, osowa ndi omwe apanikizika ndi ngongole. Ma ulama a madh-hab ya Imam Shafi'i, kuphatikizapo Imam Nawawi, anafotokoza kuti wosauka apatsidwe zomwe zingamutulutse mu umphawi: mmisiri apatsidwe zida za ntchito yake, wamalonda apatsidwe mpamba wokwana malonda ake. Tanthauzo lake kwa ife n'loonekeratu. Telala amene makina ake anamira agulidwe makina. Kalipentala apatsidwe sowo ndi pulena. Mayi wa mandasi uja abwezeredwe chiwaya ndi mpamba, ngongole yake ya ku banki m'khonde ilipidwe asanagwe m'manja mwa akatapila. Zakaat ya mabanja makumi awiri ikagawidwa kwa anthu mazana atatu, aliyense amadya masiku anayi. Ikalunjika mabanja asanu, chaka chamawa ena mwa iwo sadzaimanso pa mzere.

Zina sizingachokere mu zakaat, pakuti ma ulama ambiri amati zakaat iyenera kufika m'manja mwa woyenerayo kuti ikhale yake. Ngalande, kalavati, mjigo ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zimafuna sadaka yopitirira ndi waqf. Sayyidna Uthman, Allah asangalale naye, anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense azitunga. Masiku ano tikamva waqf timaganiza za mzikiti ndi manda basi. Kodi chingalakwike n'chiyani ngati wina amene ali ndi mapuloti atatu pamalo ouma atapereka imodzi kuti pamangidwe zipinda za lendi yotsika, zolimba, za mabanja ochoka m'dambo? Madzi aukhondo nawonso ndi mbali ya kudzuka kwa mzinda. Freddy anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Kumadambo a Mzuzu madzi apansi ali pafupi, ndipo chimbudzi chokumba chikasefukira chimakumana ndi chitsime. Madzi osefukira safunsa chipembedzo cha munthu, choncho sadaka yamtunduwu isafunsenso.

Pali mawu enanso oyenera kupita kwa ife amene tili ndi nyumba za lendi ndi malo ogulitsa. Nkhorongo, Luwinga ndi madera oyandikira akukula, ophunzira a pa Mzuni ndi antchito akufuna zipinda, ndipo aliyense amene ali ndi kamalo akumanga. Amene akumanga zipinda zopanda maziko olimba, zomatira dothi, pansi pa chigwembe chomwe wasema yekha, n'kulowetsamo banja la mnzake iye akugona kwina, adziwe kuti lendi imeneyo ili ndi funso pa Tsiku la Chiweruzo. Amene akugulitsa puloti mu Okutobala, akudziwa kuti mu Epulo pamakhala dziwe, wabisa chilema cha malonda, ndipo Chisilamu chimaletsa zimenezo ngakhale pa mbuzi. Amene amakweza lendi sabata yomwe nyumba za anzake zagwa akudya misozi ya anthu. Amene amatsekera ngalande ndi mpanda wake kuti madzi akalowe kwa neba, kapena kutaya zinyalala mu kalavati usiku, swala yake siidzatsegula kalavatiyo.

Makomiti a mizikiti ali ndi chinthu chomwe mabungwe akuluakulu alibe: amadziwa anthu ndi maina awo, ndipo sachoka pulojekiti ikatha. Komiti iliyonse ingathe kukhala ndi kaundula wa mabanja a m'dera lake omwe akukhala pangozi, Asilamu ndi omwe si Asilamu, a lendi ndi eni nyumba. Ingathe kupatula gawo la zopereka za Ramadan kuti lisagawidwe Eid isanafike, lidikire miyezi ya fizi, ya lendi ndi ya malata. Ingathe kusankha mabanja ochepa n'kuyenda nawo zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo chaka chilichonse iziwerenga pamaso pa jamaa ndalama zomwe zinalowa, komwe zinapita, ndi mabanja angati amene sakufunanso thandizo. Chiwerengero chomalizachi ndiye choyenera kunyadira. Amayi akhale m'makomiti amenewa, chifukwa ndi iwo amadziwa nyumba yomwe ikudontha ndi mwana amene wasiya sukulu, abambo asanamve.

Inu ophunzira, apa ndi pomwe maphunziro anu angagwire ntchito musanalandire digiri. Ena mukuphunzira za malo ndi mapu, ena za nkhalango, za madzi, za umoyo, za uphunzitsi. Foni yomwe muli nayo ingathe kulemba pomwe madzi anafika chaka chino, makalavati omwe atsekeka, nyumba zomwe zili pansi pa chigwembe. Funsani agogo a m'dera kuti kale madzi ankadutsa pati. Thandizani mabanja kujambula ndi kusunga zitupa, zikalata za malo ndi masatifiketi, pakuti taona kuti pambuyo pa ngozi wopanda pepala amakhala ngati kulibe. Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo n'kuwamasulira m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chiyao kwa amene alibe wailesi. Mukatero tengani zomwe mwapezazo mupite nazo kwa khansala ndi ku khonsolo ya mzinda, mwaulemu, zolembedwa, ndipo mubwererenso pakatha mwezi kukafunsa yankho.

Mafunso oti tifunse atsogoleri si ovuta. Ndi malo ati mu Mzuzu amene anadziwika kuti ndi angozi, ndipo mapu ake ali poti aliyense n'kuwaona? Ndi mapuloti angati otsika mtengo, okhala ndi msewu ndi madzi, amene agawidwa kuyambira 2016, ndipo anawalandira ndani? Mu bajeti ya mzinda ndi ndalama zingati zomwe zapita ku ngalande? Munthu wa lendi nyumba ikamugwera amalembedwa pati? Kusamutsa anthu kopanda mayankho amenewa ndi kuwathamangitsa chabe. Munthu amene wapatsidwa malo kutali ndi msika, sukulu ndi chipatala adzagulitsa malowo n'kubwerera kudambo, ndipo tidzamunena kuti ndi wosamva pomwe iye wangowerengera mtengo wa minibasi.

Tikudziwa kuti ena akuwerenga akuti: ifenso tikuvutika, shuga wakwera, mafuta akusowa, tingasenze bwanji mzinda wonse? Palibe akupempha banja limodzi kusenza mzinda. Mutu umodzi susenza denga. Pempho lathu ndi lakuti ndalama yomweyo imene tikupereka kale tiipatse nthawi yotalikirapo ndi cholinga chooneka, ndipo amene alibe ndalama apereke mawu ake pa msonkhano wa m'dera, kapena khasu lake tsiku lokonza ngalande. Ramadan imatiphunzitsa kupirira ndi chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku mpaka mwezi utha, ngakhale chidwi cha tsiku loyamba chitazirala. Anthu a ku Chilobwe, a ku Ntauchira, a ku Nkhulambe ndi anansi athu a ku Masasa akufuna kupirira kwa mtundu umenewo kuchokera kwa ife, kopitirira tsiku la Eid.

Mvula ya Epulo ili m'njira. Pa Jumu'ah ikubwerayi, swala ikatha, komiti ya mzikiti wanu ifunsidwe kuti ndi mabanja ati m'dera lanu amene agone ndi mantha mvula ikayamba usiku, ndipo ndani akawayendere sabata ino.

Allah awachitire chifundo onse amene anatisiya pa ngozi zimenezi, awapatse chipiriro ndi pokhala pabwino amene anatsala, ndipo alandire kusala kwathu ndi zopereka zathu. Aameen.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.